Msonkho wa Mtchona

Pa folotini mwezi uliwonse,
mawilibala asanayambe kulira mumsewu wa ku Kapata,
foni imanjenjemera pansi pa pilo:
Zikomo, talandira makwacha mazana anayi ndi makumi awiri.
Ine sindinapereke kanthu.
Ndinali m'tulo.

Zinayamba ndi chithunzi chodyedwa ndi chiswe m'mbali,
mwamuna wa jekete loposa mapewa ake,
Gidiyoni Miti, bambo wa bambo anga.
Anachoka tauni ino ikadali Fort Jameson,
ati akasake ya msonkho ku migodi ya malasha ku Wankie,
nasiya khasu pamzere ndi mkazi wa pakati pa miyezi isanu.
Kalata imodzi yokha.
Kenako zii.

Mphwanga Tiyeseko ndiye anandionetsa:
pa intaneti pali anthu osunga mayina a akufa,
milungu iwiri ndi yaulere, ingolembani nambala ya khadi.
Ndinalemba.
Tizilembo ta m'munsi ndinatilumpha,
ine telala,
amene ndimalowetsa ulusi pasingano opanda mandala.

Anandipatsa mtengo wa mabokosi opanda kanthu,
ine mwana wa a Miti.
Anandipezera Gidiyoni wa ku Amereka, mwini mahatchi,
ndi wina amene anafa khanda m'dziko la chisanu,
ati mwina ndi abale anu.
Panali pepala limodzi lokha limene linandiimitsa mtima:
G. Mitti, nambala 4417,
zotsalazo zophimbidwa ngati Kanjala m'nkhungu ya Juni.
Kuti muone bwino, onjezerani ndalama.

Milungu iwiri inandithera m'mayunifomu a ana asukulu,
mwendo pa makina, mapini pakamwa.
Iwo anali kuwerenga masiku.
Januwale anadya mayunitsi a magetsi.
Febuluwale, theka la thumba la feteleza.
Malichi ndinaima pamaso pa amayi a chilimba manja lende,
amake Zelipa akundiyang'ana kuyambira kumapazi,
nanga ndinene kuti yapita kuti?
Kuti yadyedwa ndi agogo
amene sanatumizepo ndi sopo yemwe?

Batani loletsera analibisa
monga ndibisira msoko mkati mwa kolala.
Nditalipeza linandifunsa: Mwatsimikiza?
Ndinati inde.
Mukufunadi kuwasiya makolo anu?
Tamvani funsolo!
Anasiya mnzake ndani?
Ndinati inde, netiweki n'kuthawa.
Ndinalemba kalata, anayankha makina aulemu:
Pepani kwambiri, ndinu wofunika kwa ife.
Ndinaimba nambala ya kutsidya kwa nyanja,
anandiyikira kanyimbo
mpaka tokotaimu yonse psiti.

Agogo, msonkho unakuchotsani pakhomo,
wa mzungu wa chipewa ndi buku lalikulu.
Uyu wa lero alibe chipewa, alibe mesenjala,
sagogoda n'komwe.
Amalowa ku Navutika usiku, galu osauwa,
natenga yake m'dzina lanu.

Lolemba ndinatseka shopu,
ndinaima pamzere wa kubanki kuyambira eyiti mpaka dzuwa pamutu.
Mtsikana wa pawindo sanadabwe:
Ndinu achitatu sabata ino, amayi,
ena ndi mafilimu, ena ndi mankhwala oonda.
Anatenga lumo,
lobuntha, lakuti kwanga ndikanalitaya kale,
nalidula khadi pakati.
Latsopano, makwacha zana limodzi.

Lero ndi pa folotini.
Ndadzuka ndekha nthawi yomwe ija,
dzanja lili kale pansi pa pilo.
Foni ili duu.
Ndalama zanga zili zonse,
ndawerenga kawiri.

Ndiye n'chiyani chikundikhalitsa pamphepete pa bedi,
chithunzi pamiyendo,
kuyang'ana mabatani a jekete lija,
atatu, lachinayi linathothoka?
Miyezi isanu yathunthu
munthuyu anali kundikumbuka pa tsiku lake, osaphonya.
Tsopano wachonanso.